Cairo Road: Mseu Wakale m'Mzinda Watsopano

Nkhani ya lero ndi ya mseu umodzi wa m'Lusaka umene pafupifupi wanchito ali yense anapondapo. Dzina lace ndi Cairo Road.

Loweruka lotsata malipiro, mwamuna wa ku Kafue Industrial Area alawira m'mamawa, abvala malaya ace a pa Sabata, nakwera basi pamodzi ndi mkazi wace. Ulendo wao ndi wa makilomita ngati 45. Apitirira Chilanga pamene pali fakitale ya sementi, apitirira Makeni, ndipo potsiriza Kafue Road uwatula pa mphambano yozungulira imene anthu aicha Kafue Roundabout. Pamenepo ndi pamene Cairo Road uyambira.

Mai afuna citenje, bambo afuna nsapato za ku nchito. Awiriwo aona piringupiringu wa anthu, amva kulira kwa magalimoto ndi kupfuula kwa anyamata oitanira basi, ndipo nzeru zao zonse ziri pa thumba la ndalama. Ndi owerengeka amene aima kufunsa kuti mseu umenewu unayamba bwanji, kapena kuti citenje cimene mai apita naco kwao cinaombedwa kuti. Koma mafunso awiriwa ayendera limodzi. Pa zaka zoposa 100, nsalu yogulidwa m'tauni muno yacokera ku malo atatu. Poyamba inali kudza kucokera kunja m'manja mwa Azungu ndi Amwenye. Pambuyo pace inaombedwa ku Kafue komweko. Lero yambiri icokera ku China. Munthu amene amvetsa kusintha kumeneku amvetsanso cifukwa cace nchito zinaculuka ku Kafue pa nthawi ina, ndi cifukwa cace zinadzacepa.

Mseu wobadwa ndi njanji

Lusaka sunayambe ngati mzinda wa mfumu yaikulu. Unabadwa ndi njanji. Mu 1905, caka cimene mlatho wa pa Victoria Falls unatsirizika, omanga njanji anali kulunjika ku mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. Popeza njanji inali imodzi yokha, anali kuika malo opatukirana sitima pa mamailosi ngati 20 ali onse. Amodzi mwa malo amenewa anagwa pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka, ndipo dzina la mzinda linacokera pamenepo. Mu 1906 mlatho wa njanji wa zigawo 13 unamangidwa pa mtsinje wa Kafue, ndipo sitima inafika ku Broken Hill caka comweco. Motero Kafue ndi Lusaka ndi ana a bere limodzi.

Alimi, ambiri a iwo Mabunu, anayamba kudza ndi ngolo za ng'ombe kudzatula dzinthu pa siteshoni. Amalonda oyamba, ena a iwo Ayuda ocokera kum'mawa kwa Ulaya, anamanga masitolo ao kumadzulo kwa njanji. Njira ya ngolo imene inadutsa patsogolo pa masitolowo, kucokera kumwera kunka kumpoto, ndiyo inasanduka Cairo Road. Utali wace sufika makilomita 2. Dzina lace likumbutsa loto la Cecil Rhodes, amene anafuna kuti njanji ya Angerezi icoke ku Cape Town kukafika ku Cairo m'dziko la Egypt. Njanjiyo sinafike, koma dzina linatsala. Mu 1913 mudziwo unalandira bungwe lace loyamba louyang'anira, ndipo mu 1914 panatsegulidwa nyumba ya alendo imene inadzadziwika ndi dzina lakuti Lusaka Hotel.

Malowa sanali abwino pomangapo tauni. Dziko lace ndi lathyathyathya, pansi pace pali mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. M'cilimwe mseu unali pfumbi lokhalokha, m'dzinja unali thope. Cifukwa ca ici anakumba ngalande yaikulu pakati peni peni pa mseu, imene pambuyo pace anaibvundikira. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kufikira lero mvula ikagwa yamphamvu, miseu ya m'tauni idzala madzi.

Mu 1935 likulu la Boma la Northern Rhodesia linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Nyumba za Boma zinamangidwa pa mtunda, kum'mawa kwa njanji, ndipo olemba mapu a mzinda watsopano anayembekeza kuti masitolo adzasamukira konko. Eni masitolo sanasunthe. Anadziwa kuti malonda atsata mapazi a anthu, ndipo mapaziwo anali atazolowera kale njira ya pafupi ndi siteshoni.

Masiku a pa zenera

Mseu uwu unali wa onse poyendapo, koma pogula unali wa owerengeka. M'masiku a ulamuliro wa Angerezi malo a malonda m'Lusaka anagawidwa. Cairo Road unali wa masitolo a Azungu. Ku Kamwala, kutsidya kwa njanji, Amwenye anamanga masitolo a makonde akulu, nagulitsa nsalu, mabulangeti, mapoto ndi njinga kwa anthu akuda.

M'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo. Anali kuima pa kazenera ka m'mbali, kuchula cimene afuna, ndi kulandira cimene wapatsidwa. Ku mabuchala kunali koipa koposa, pakuti nyama ya pa zenera inali kubwera yokulungidwa kale m'pepala, ndipo wogula anali kukaona kunyumba kuti wagula mafupa ndi mitsempha.

Komatu ogula a pa zenerawo anali kuculuka, ndipo ndalama zao zinali kukula. Mu 1949 anchito a ku migodi anaphatikiza mabungwe ao kukhala bungwe limodzi lotsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo atanyanyala nchito mu 1952 malipiro anakwera. Mu 1949 momwemo inatulukanso wailesi ija ya Saucepan Special, ya mtengo wa mapaundi 5, imene inagulidwa zikwi zikwi. Eni masitolo anaikonda ndalama ya munthu wakuda. Amene sanamfune m'kati ndi mwini ndalamayo.

Atsogoleri a African National Congress, Harry Nkumbula ndi mlembi wamkulu Kenneth Kaunda, anaona kuti cida ciri m'thumba la wogula. Mu 1954 Congress inauza anthu a m'Lusaka kuti aleke kugula ku mabuchala a pa zenera, ndipo amai anaima pafupi ndi makomo kubweza anzao. Mu 1956 kunyanyala kugula kunafalikira ku masitolo ena ndi ku matauni a ku migodi. Ena anamangidwa, koma nyama yosagulidwa iola, ndipo mazenera anayamba kutsekedwa limodzi limodzi. Ufulu utabwera pa 24 October 1964, miseu ya kumbuyo kwa Cairo Road inalandira maina atsopano. Livingstone Road unakhala Cha Cha Cha Road, pokumbukira kulimbana kwa mu 1961, ndipo Stanley Road unakhala Freedom Way.

Khomo linatseguka, koma katundu wa m'kati anali wa eni ace. M'zaka za Citaganya, kucokera mu 1953 kufikira mu 1963, mafakitale ambiri anamangidwa ku Southern Rhodesia. Dziko la kumpoto linali kukumba mkuwa ndi kugula nsalu zoombedwa ndi ena.

Nsalu ya ku Kafue

Mu November 1965 Azungu a ku Rhodesia anadzitengera ufulu okha mopanda lamulo, ndipo Zambia inapezeka kuti idalira mdani pa zobvala, pa malasha ndi pa njira ya ku nyanja. Boma linatsimikiza zomanga mafakitale ace kudzera m'bungwe la INDECO, ndipo linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale. Zifukwa zace zinali zoonekeratu. Mtsinje upatsa madzi caka conse, njanji ndi mseu waukulu zidutsa pomwepo, ndipo magetsi anali kudzacokera ku Kafue Gorge, pafupi pomwepo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inamangidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia. Mu 1970 inayamba nchito Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza ndi mankhwala opangira zophulitsira miyala. Motero wanchito wa pansi pa mgodi ku Mufulira kapena ku Luanshya anali kudalira manja a mnzace wa ku Kafue. Nyumba za anchito zinamangidwa ku Kafue Estates, ndipo anthu anadza kucokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama ndi kwina konse.

Pa Cairo Road napo panasintha. Mu April 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani akulu angapo, kuphatikizapo a masitolo. Kucokera pamenepo anthu anazolowera maina a ZCBC, Mwaiseni ndi NIEC. Nyumba yosanja ka 23 ya Findeco House, imene iri kumwera kwa mseu, inatsirizika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo iri ngati mwala wa cikumbutso wa nthawi imeneyo.

Kayendedwe ka ndalama ka masiku amenewo nkofunika kukamvetsa. Mlimi anabzala thonje nagulitsa. Thonjelo litacotsedwa njere linafika ku Kafue, kumene ena analipota kukhala ulusi, ena anaomba nsalu, ndipo ena anadinda maluwa. Nsaluyo inapita ku sitolo ndi kwa telala. Mwezi utatha, woomba nsalu uja anakwera basi ndi malipiro ace kukagula m'sitolo momwemo. Ndalama imodzi inadyetsa mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi isanatuluke m'dziko.

Koma nyumbayo inali ndi mzati umodzi wokha. Makina, zitsulo zosinthira ndi utoto zinali kugulidwa kunja, ndipo ndalama zakunja pafupifupi zonse zinali kucokera ku mkuwa. Mtengo wa mafuta a galimoto unakwera mu 1973, ndipo wa mkuwa unagwa mu 1975. Makina akaonongeka anali kukhala miyezi osakonzedwa. Acikulire akumbukira mizere yaitali ya m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu anali kufika pa sitolo mbandakuca kudzalinda sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Akumbukiranso kuti wogula analibe posankha, pakuti katundu wakunja anali woletsedwa kapena wa msonkho waukulu.

Zipata zitseguka

Mu 1991 Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD anatenga Boma. Msonkho wa pa malire unatsitsidwa, ndipo makampani a Boma anayamba kugulitsidwa. Mu 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inagula ena mwa masitolo a Boma, ndipo sitolo yace yoyamba m'Zambia inatsegulidwa pa Cairo Road pomwepa. Mizere inatha, mashelefu anadzala, ndipo wogula anakondwa.

Zipata zomwezo zinalowetsa mabelo a salaula ndi nsalu zochipa za ku Asia. Fakitale ya makina okalamba, yokongola ndalama ku banki pa ciongoladzanja cacikulu, sinathe kupikisana nazo. Anchito a Kafue Textiles anacepetsedwa pang'ono pang'ono, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 2000 makina anaima. Ambiri analinda nthawi yaitali asanalandire ndalama zao zotsiriza. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la China, nayo inaima mu 2007.

Mseu nao unalandira opikisana nao. Mu 1999 anatsegula Manda Hill pa Great East Road, ndipo misika ina yotere, ya denga limodzi ndi bwalo loimikapo magalimoto, inatsatira m'mbali zonse za mzinda, ngakhale m'mphepete mwa Kafue Road. Ogula a magalimoto anasiya kudza m'tauni. M'malo mwao makonde anadzala ndi ogulitsa a pansi, ambiri a iwo anthu amene nchito zao zinatha pamodzi ndi mafakitale. Boma linawacotsa mu 1999, ndipo linawacotsanso ndi asilikari kuciyambi kwa 2018 pa nthawi ya mliri wa kolera, koma njala inawabweza.

Lero munthu akatembenuza nsapato, loko, tochi kapena foni pa Cairo Road, pa Katondo Street kapena ku Kamwala, kawiri kawiri apeza mau akuti cinapangidwa ku China. Zitenje zina zicokera ku India, ku Tanzania ndi ku maiko ena, koma za ku China ndizo zaculuka. Ndi bwino tsono kutsata citenje cija kubwerera kumene cinacokera, pakuti kumeneko kulinso mseu wakale wa malonda.

Mseu wina ku Guangzhou

Amalonda a ku Zambia ndi a ku Malawi opita kukapikula katundu ku China, ambiri atsikira mu mzinda wa Guangzhou, umene Azungu akale anali kuucha Canton. Ndege zambiri zidzera ku Addis Ababa, ndipo nthawi ya kumeneko iri patsogolo ndi maola 6. Pa kalembera wa mu 2020 mzindawo unali ndi anthu oposa mamiliyoni 18, pamene Zambia yense pa kalembera wa mu 2022 anali ndi anthu osafika mamiliyoni 20. Mlendo apeza nyumba zazitali kuposa Findeco House kangapo, sitima zoyenda pansi pa nthaka, magalimoto oyenda ku dzanja lamanja, ndi anthu olipira ciri conse ndi foni.

Malonda si acilendo kumeneko. Mzindawo unakhazikitsidwa zaka 214 asanabadwe Yesu. Kucokera mu 1757 kufikira mu 1842 linali dooko lokhalo limene mfumu ya China inalola kuti amalonda a ku Ulaya agulepo tiyi, silika ndi mbale zadothi. Kuyambira mu 1957 kucitika cionetsero cacikulu ca malonda cochedwa Canton Fair, kawiri pa caka. Amalonda a ku Africa apezeka kwambiri m'madera a Xiaobei ndi Sanyuanli, kumene kuli misika yopikulira ndi otumiza katundu m'makontena.

Pakati pa mzinda wakale pali mseu wochedwa Beijing Road. Dzina limeneli unalandira mu 1966, koma mseuwo ndi wakale kwambiri, ndipo wasintha maina kangapo monga inasinthira miseu ya m'Lusaka. Wopikula sapita kumeneko kukafuna mitengo yotsika, pakuti ndi malo ogula cimodzi cimodzi, ndipo m'masitolo akulu mtengo wolembedwa sanenerera. Apitako madzulo, nchito itatha, kukayenda ndi kuona. Magalimoto salowamo. Mu 1997 akulu a mzinda anayamba kuutseka Loweruka ndi Sabata pokha, ndipo patapita zaka zowerengeka anautseka masiku onse. Anthu ayenda pakati pa mseu ndi ana ao, pansi pa mitengo ndi nyali zofiira. Muli masitolo a zobvala ndi a mabuku, malo odyera, ndipo pambali pace pali kacisi wakale wa Cibuda wochedwa Dafo. Nyumba zina zakale ziri ndi makonde a mizati ochinjiriza oyenda ku dzuwa ndi ku mvula, ofanana ndithu ndi makonde a masitolo a Amwenye ku Kamwala.

Cimene cidabwitsa mlendo koposa ciri pansi pa mapazi ace. Mu 2002 anchito okonza mseu anakumba napeza njerwa zoyalidwa bwino, ndipo pansi pa izo panali zinanso. Akatswiri a zinthu zakale anawerenga miyalo 11 ya mseu, wina pamwamba pa unzace. Wa pansi peni peni ndi wa nthawi ya mafumu a Tang, amene analamulira kucokera mu 618 kufikira mu 907. Mbadwo uli wonse unali kumanga pamwamba pa mseu wa makolo ace, osasuntha njira. Akulu a mzinda sanakwirire dzenjelo. Analibvundikira ndi magalasi olimba, kotero kuti munthu wonyamula nsapato zatsopano aweramira pansi naona njerwa zimene anapondapo ogula a zaka mazana ambiri zapitazo.

Pafupi pomwepo pali cifanizo ca koloko ya madzi imene inapangidwa mu 1316. Ndi mitsuko 4 ya mkuwa yosanjikizana ngati makwerero. Madzi adontha kucokera mu mtsuko wa pamwamba kufikira wa pansi, ndipo m'menemo muli ndodo ya zizindikiro imene ikwera pamodzi ndi madzi kusonyeza nthawi. Koloko yeniyeniyo isungidwa ku Beijing, m'nyumba yaikulu ya zinthu zakale.

Cimene miseu iwiriyi iphunzitsa

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Wobwera kucokera ku Guangzhou adza ndi zinthu ziwiri zoposa katundu wa m'kontena.

Coyamba ndi cakuti mseu wa masitolo uli ngati nkhokwe, ndipo fakitale ndiyo munda. Beijing Road udzala ndi ogula cifukwa kuzungulira Guangzhou kuli mizinda ya mafakitale monga Foshan, Dongguan ndi Shenzhen. Anthu opanga katundu ndiwo alandira malipiro, ndipo malipirowo ndiwo adzaza mseu. Cairo Road unali ndi munda wace ku Kafue, ku Kabwe, ku Ndola ndi ku Livingstone. Munda utagonera, nkhokwe idzazidwa ndi cimanga cogula kwa anansi, ndipo ndalama ya wogula ituluka m'dziko itadyetsa anthu awiri kapena atatu okha. Thonje likali kulimidwa kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Zambia, koma lambiri lituluka litangocotsedwa njere, ndipo nchito yopota, yoomba ndi yodinda igwiridwa ndi ena.

Izi sizitanthauza kuti masiku a mizere abwerere. Mai wa ana asanu amene abveka onse ndi salaula ndi nsalu zochipa sanalakwe kanthu, ndipo fakitale yofuna ndalama yace iyenera kumpatsa nsalu yolimba pa mtengo umene angathe. China nayo iri ndi anthu oposa 1,400 miliyoni ogula katundu wace, cinthu cimene Zambia iribe. Koma zimene zinakopa omanga mafakitale ku Kafue ziripobe. Mtsinje ulipo, njanji iripo, ndipo mu 2023 malo atsopano opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, omangidwa ndi kampani ya ku China, anatsirizika.

Caciwiri ndi cakuti cakale cosungidwa bwino ciitana ogula. Anthu a ku Guangzhou anazindikira kuti msika wa denga limodzi ungamangidwe pali ponse, koma mseu wa zaka 1,000 sungagulidwe. Zambia nayo iri ndi zace za pansi pa nthaka. Mu 1960 anchito okumba maziko a thanki la madzi pa Ing'ombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, anapeza manda a amalonda akale okhala ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja, ndi zidutswa za nsalu. Lamulo la mu 1989 linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission losunga malo otere ndi nyumba zakale. Cairo Road ndi mwana poyerekeza ndi Beijing Road, koma wa ku China uja nao unali wa zaka 100 tsiku lina, ndipo unakalamba cifukwa eni ace sanausiye.

Kuyenda ndi maso

Wofuna kuuona bwino Cairo Road afike m'mawa, dzuwa lisanatenthe, ndipo ayende pansi kucokera ku mathero ena kufikira ku mathero anzace. Ndi ulendo wa theka la ola. Ndalama aziike m'thumba la m'kati, pakuti pamene pali khamu pali zala zazitali. Asayang'ane katundu wa pa khonde yekha, koma akweze maso pamwamba pa zikwangwani, kumene kuoneka msinkhu weniweni wa nyumba. Zazifupi za makonde ndi za masiku a pa zenera. Zazitali za konkire ndi za masiku a mkuwa. Za magalasi ndi za masiku ano.

Wa ku Kafue ayamba ndi Findeco House, napitirira Bank of Zambia, nafika pa ngodya ya Katondo Street pamene panamangidwa Lusaka Hotel, ndi pa Positi Ofesi yaikulu pa ngodya ya Church Road. Wa ku migodi alowera kumpoto, pa Kabwe Roundabout, pamene Great North Road ndi Great East Road zikomana. Akakhala ndi nkhalamba imene inagulapo pa zenera, kapena imene inaimapo pa mzere wa ku Mwaiseni, aitenge, pakuti idzamsonyeza makomo amene palibe cikwangwani cowafotokoza. Akatenge ndi mwana wa sukulu kuti amve.

Madzulo bambo ndi mai aja akwera basi kubwerera ku Kafue. Potsika aona cumuni ca fakitale ya feteleza ndi madenga atali a kumene kunali kuombedwa nsalu. Mai afunyulula citenje cace catsopano, ndipo m'mphepete mwace mwalembedwa maina acilendo. Ndi cokongola, ndipo mtengo wace unali wabwino. Kapena m'bokosi la apongozi ace mukali citenje cina cozilala, coombedwa mamita owerengeka kucokera pa khomo pao, ndi manja a anthu amene maina ao adziwika m'komboni monse. Ana afunsidwe kuti aziyale ziwirizo pa mphasa imodzi, ndipo akulu awauze njira imene ciri conse cinayenda.